Kodi "furnitures" ndi cholakwika? Chikwangwani changa chandisowetsa mtendere

Kalipentala wa ku Mchesi analemba:

Moni nonse a pabwalo pano. Ine ndine kalipentala, shedi yanga ili ku Mchesi mu Lilongwe muno, ndipo ndakhala ndikupala matabwa kwa zaka 19. Sukulu ndinalekezera Fomu 2 bambo atamwalira, ndiye Chingerezi changa n'chotola m'njira, cha m'makotesheni ndi m'malisiti.

Mwezi wathawu ndinalembetsa chikwangwani chatsopano, chachitsulo, penti wake wa oyilo, ndipo chinandidyera K40,000. Pamwamba pali dzina la shedi, m'munsi mwake mawu akuti "Quality Furnitures and Office Equipments". Ndinachikhoma Loweruka mtima uli myaa, poti chimawerengeka ngakhale munthu ali m'minibasi. Lolemba mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 anadzera kushedi pochokera kusukulu. Anaima pamsewu n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiyandikira kuti anyamata anga asamve, n'kunena chapansipansi kuti, "Ababa, ma s awiriwo sakufunika. Furniture ndi equipment sachulukitsa." Nditamufunsa chifukwa chake, anangoti ndi mmene aphunzitsi anawauzira, ndipo pamayeso ukalemba choncho amakuthetha.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Chinandibaya si ndalama ya chikwangwani yokha ayi. Ndinakumbukira kalata imene ndinalembera sukulu ina ya pulayiveti chaka chatha, pamene inkafuna madesiki 30 ndi mashelefu a mulaibulale. Kumapeto kwake ndinalemba kuti "I am waiting for your advices about the furnitures." Ntchitoyo anapatsa wina. Mwina mtengo wanga ndi umene unakwera, koma tsopano ndikumadzifunsa ngati amene anawerenga kalatayo sanandione ngati munthu wosalongosoka, pomwe desiki yanga ya mlombwa imatha zaka 20 osagwedera.

Funso langa nali. Mpando umodzi ndi chair, iwiri ndi chairs. Tebulo ndi table, awiri ndi tables. Nanga furniture yalakwanji? Akuti ndi chinthu chosawerengeka, koma ine m'shedimu ndikuwerenga ndi chala: mabedi 4, makabati 3, mipando 12, sofa imodzi. Chosawerengeka n'chiti pamenepa? Akanati madzi kapena mchenga ndikanamvetsa. Mwanayo akutinso advice ndi advise ndi mawu awiri osiyana, ine ndimayesa ndi kalembedwe chabe. Odziwa ndithandizeni ndisanaitane wolemba zikwangwani uja, ndingafufutitse cholondola n'kusiya cholakwika.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Zomba, anayankha:

Bambo a ku Mchesi, mwana wanuyo wanena zoona, ndipo mumuthokoze chifukwa cha ulemu umene anakuuzirani nawo. Ine ndaphunzitsa Chingerezi kusekondale mpaka kupuma ntchito, ndipo furnitures, equipments, advices, informations ndi luggages ndawadula ndi bolopeni yofiira kuposa mawu ena alionse. Olemba ake sanali ana ogona. Ambiri ankaganiza bwinobwino ngati mmene mwaganizira inumu, kungoti ankaganiza m'Chichewa.

Vuto linayambira pa dzina limene mawuwa anapatsidwa. Tikamati uncountable noun, wophunzira amamva ngati tikunena kuti zinthuzo sizingawerengedwe. Sichoncho. Chimene sichiwerengedwa ndi liwulo, osati katundu wanu. Furniture si dzina la mpando kapena la bedi, ndi dzina la mtundu wonse wa zinthu zoterezi pamodzi, ngati thumba limene mwaponyamo zonse n'kumanga kukamwa. Mukafuna kuwerenga, mumamasula thumbalo n'kutchula za m'katimo ndi mayina awoawo: four beds, three cupboards, twelve chairs, one sofa. Mukafuna nambala popanda kutchula mayina, mumabwereka liwu lina lowerengeka n'kunena kuti twenty pieces of furniture. S uja wapita pa piece, furniture yatsala mmene inalili.

Ifenso mawu otere tili nawo, kungoti sitiwazindikira poti tinayamwira. Mukamasamuka ndi mabedi, mapoto, matumba a chimanga ndi njinga, mumati katundu wanga ndi wambiri. Wa lole akakufunsani kuchuluka kwake simunena kuti katundu asanu, mumati matumba asanu, zikwama ziwiri. Luggage ndi chimodzimodzi. Udzu wofolera sitiuwerenga, timawerenga mitolo. Ufa timawerenga ndowa.

Chimene chimatipunthwitsa n'chakuti Chichewa ndi Chingerezi sizinapangane kuti mawu a m'thumba akhale ati. Ife timati malangizo, zipangizo, mauthenga, maumboni, onsewa ochulukitsa, ndiye mutu ukamamasulira dzanja limangoponyapo s. Komanso onani mbali inayi: madzi, mafuta ndi magazi ife timawatenga ngati zinthu zambiri, gulu limodzi ndi mabuku ndi matebulo, n'chifukwa chake timati madzi atha, mafuta akwera. Mngerezi amati water is, oil is, blood is. Palibe chiyankhulo choposa chinzake nzeru pamenepa. Ndani anagamula kuti tiziti chimanga chapsa koma nyemba zapsa, pomwe zonse ndi njere zambirimbiri mumphika? Iwonso amati rice is koma beans are, wheat is koma oats are. Zimenezi munthu amaphunzira liwu ndi liwu, monga mwana wathu amaphunzirira magulu a mayina asanalowe n'komwe m'kalasi.

Mawu a m'thumbawa ali ndi zizindikiro zake. Salola a kapena an, choncho palibe a furniture kapena an advice. Amayenda ndi much osati many, ndiye funso n'lakuti how much furniture. Mneni wake ndi wa chinthu chimodzi: the furniture is ready, ngakhale mwadzaza lole.

Tsopano za advice ndi advise. M'kalasi la Chichewa munaphunzira mitundu ya mawu: dzina, mneni, mfotokozi, muonjezi, mlowam'malo, mperekezi, mlumikizi ndi mfuwu. Chingerezi chilinso nayo. Advice wa c ndi dzina, ndiye malangizo aja, ndipo potchula amathera ndi s. Advise wa s ndi mneni, kulangiza, ndipo potchula amathera ndi z. Mumalemba "please advise me" popempha, "thank you for your advice" pothokoza. M'kalembedwe ka ku Britain kamene timatsatira m'sukulu zathu, practice ndi practise komanso licence ndi license amasiyana chimodzimodzi polemba: wa c ndi dzina, wa s ndi mneni. Advises mudzamuona ndithu, monga mu "he advises me", koma s ameneyo si wochulukitsa. Apa ndi pamene ana ambiri ankatayikira, chifukwa s akakhala pa dzina amatanthauza zambiri, akakhala pa mneni amatanthauza chimodzi: the chair looks good, the chairs look good. Ndinkawauza kuti s ndi mlendo mmodzi, akagona kwa dzina sangagonenso kwa mneni usiku womwewo.

Chiganizo cha m'kalata yanu chija chikanakhala "I am waiting for your advice on the furniture."

Wa hadiweya ku Limbe anayankha:

Achimwene, ndalama ina musataye. Tayendani mu Limbe muno, mu Ndirande, ngakhale kwanu komweko, muwerenge zikwangwani. Furnitures, Stationeries, Equipments, zangoti mbwee. Alipo kasitomala anabwererapo pakhomo chifukwa cha s? Munthu amagwira mpando, amaukhalira, amaugwedeza, n'kufunsa mtengo. Ine ndagulitsa misomali zaka 11 ndi chikwangwani chimene aphunzitsiwa angachidule paliponse, koma ana anga akudya. Chingerezi n'chathunso tsopano. Aku Nigeria ali nacho chawo, aku India chawo, ife tilekerenji? Za mayeso musiyireni mwanayo, inu pangani mipando.

Namwino wa ku Leeds, ku England, anayankha:

Achimwene a ku Limbe, pa zoyankhula ndikugwirizana nanu. Munthu akati furnitures tonse timamva, ndipo kuseka munthu chifukwa cha zimenezi ndi mwano. Koma cholembedwa chimafika kumene mwini wake kulibe, ndipo sangadziteteze. Bambowa akufuna ntchito za m'maofesi ndi m'masukulu. Amene amatsegula makotesheni kumeneko ndi anthu amene amakhalira kulemba Chingerezi tsiku lonse, ndipo diso lawo limakodwa pa s wotere ngakhale asakufuna.

Ine s ameneyu anandidyera ndalama zenizeni. Ndisanabwere kuno ndinayenera kulemba mayeso oyesa Chingerezi otchedwa IELTS, ndipo ulendo woyamba gawo lolemba linandigwetsa. Amene anandithandiza kukonzekera ulendo wachiwiri anatenga zolemba zanga n'kuzunguliza staffs, equipments, informations, evidences, tsamba lililonse. Ndinalira, chifukwa MSCE ndinakhoza bwino Chingerezi ndipo ndinali nditagwira ntchito m'chipatala zaka 8 ndikulemba malipoti tsiku ndi tsiku popanda wondiuza.

Ndiwonjezere pa zimene anena aphunzitsi, poti pali misampha ina imene ndinagweramo nditafika. Mawu ena ali ndi s koma ndi a chinthu chimodzi: the news is good, mathematics is hard, ndipo kuntchito kwathu measles is, diabetes is. Ena alibe s koma ndi a zambiri: the police are, people are, cattle are. Ndiye pali gulu la zinthu za miyendo iwiri kapena mbali ziwiri, trousers, scissors, glasses, pliers, limene silivula s ngakhale chinthucho chili chimodzi. Ife tinabwereka thalauzi n'kulisandutsa limodzi, ambiri n'kukhala mathalauzi, ndiye pakamwa pamabwera a trouser. Sabata yanga yoyamba muwodi ndinapempha a scissor. Mnzanga anandipatsa, koma pambuyo pake anandikokera pambali n'kundiuza kuti amati a pair of scissors, kapena some scissors. Munthu mmodzi wa pantchito ndi a member of staff, osati a staff. Kunonso mudzamva pa wailesi akuti "Leeds are playing today", timu kuitenga ngati anthu ambiri, pomwe ku America amakonda is.

Chimene chinandivuta kwambiri kusiya ndi ulemu. Kwathu munthu wamkulu mmodzi timamuchulukitsa, amayi abwera, adokotala akukuitanani. Ine ndinkati "they are calling you" ndikunena dokotala mmodzi yemwe tonse tikumudziwa, mnzanga n'kufunsa kuti akundiitana ndi anthu angati. Kunena kuti he kapena she za munthu wa msinkhu wa mayi anga kunkandiwawa lilime, mpaka pano kamtima kamagunda.

Bambo a ku Mchesi, njira imene inandipulumutsa ndi iyi. Madikishonale a anthu ophunzira Chingerezi, ngakhale a ulere a pafoni, amaika chilembo C kapena U pafupi ndi dzina lililonse, kapena amalemba mawu onse countable ndi uncountable. Musanalembe kotesheni, liwu limene mukulikayikira liyang'aneni. Ena mudzawapeza ali ndi zilembo zonse ziwiri, ndipo tanthauzo limasintha. Glass ndi galasi limene mumaika pakabati, a glass ndi tambula, glasses angakhale matambula kapena magalasi a maso. Wood ndi matabwa anu, woods ndi kankhalango. Paper ndi pepala ngati chipangizo, papers ndi zikalata kapena nyuzipepala.

Chinanso, kodi mumagulitsa makina? Office equipment anthu amamva mapulinta, makompyuta ndi makina a fotokope. Ngati mumapanga madesiki ndi mashelefu, amenewo ndi office furniture.

Wa ku Tete anayankha:

Ine sukulu ndinaphunzira m'Chipwitikizi kuno ku Mozambique, Chingerezi ndachiyamba ndili wamkulu chifukwa cha ntchito. Ndingotsimikiza zimene anena aphunzitsi kuti nkhaniyi si ya nzeru koma chizolowezi. M'Chipwitikizi timachulukitsa bwinobwino: informação imakhala informações, conselho imakhala conselhos, ndipo mpando kapena kabati ndi móvel, zambiri ndi móveis. Apwitikizi ndi Angerezi ndi azungu okhaokha, koma wina amawerenga wina sawerenga. Ndiye ine ndimalakwitsa kawiri, Chinyanja chikundikankhira ku advices, Chipwitikizinso chikundikankhira komweko.

Kalipentala wa ku Mchesi anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Aphunzitsi, chitsanzo cha katundu chija chanditsegula mutu, ndachimva bwino kuposa mmene ndikanamvera lamulo. Poti mwayamba kale kundithandiza, ndatenga pepala la mitengo limene ndimapatsa makasitomala. Pali "3 seaters sofa", "shelfs", "benchs", "dining chair's", ndipo pa zogula ndimalemba "4 inches nails". Ndikuona ngati pamenepanso pali minga.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Zomba, anayankha:

Ilipo, bambo, koma ndi yosavuta kuzula, ndipo ina mukuidziwa kale osazindikira.

Tiyambe ndi sofa ndi misomali, poti zikukhudza mitundu ya mawu ija. M'Chichewa mfotokozi amatsatira dzina lake n'kusintha nalo limodzi: mpando waukulu, mipando yaikulu, tebulo lalikulu. M'Chingerezi mfotokozi sasintha, big chair, big chairs. Tsono dzina likaima patsogolo pa dzina linzake n'kumagwira ntchito yofotokoza, nalonso kawirikawiri limavula s. N'chifukwa chake amati toothbrush ngakhale mswachi umatsuka mano onse, shoe shop ngakhale muli nsapato zambiri. Choncho lembani three-seater sofa ndi four-inch nails. Thabwa ndi a six-foot plank, koma mukalitembenuza chiganizocho mumati the plank is six feet long, chifukwa pamenepo feet wabwerera pa ntchito yake ya dzina. Alipo ochepa osamvera lamuloli, monga sports shop ndi clothes shop. Quality wa pachikwangwani chanu naye ndi dzina limene likugwira ntchito ya mfotokozi, ndipo ali bwino, musamukhudze.

Ichi n'chimene ndinkalimbikira kwambiri m'kalasi. Kwathu liwu limaoneka pankhope kuti ndi la mtundu wanji: kupala ndi mneni, mpando ndi dzina. M'Chingerezi nthawi zambiri nkhope ndi imodzimodzi, chimene chimakuuzani ndi malo amene liwulo laima. M'shedi mwanu momwemo paint, varnish, nail, glue, polish ndi plane onse ndi mayina komanso aneni. The nails are short, misomali yafupika. He nails the plank, akukhoma thabwa. Zilembo zofanana, s yemweyo, ntchito ziwiri. Musanafunse ngati liwu likufuna s, yambani mwafunsa kuti pano likugwira ntchito yanji.

Shelf amakhala shelves, monga knife ndi knives, half ndi halves, koma roof ndi roofs, chief ndi chiefs. Mawu othera ndi ch, sh, s kapena x amafuna es, ndipo khutu limakuuzani lokha poti s yekha sangamveke: benches, brushes, mattresses, boxes. Kachizindikiro ka m'mwamba ka pa chair's kachotseni. Kameneko n'kosonyeza umwini, the chair's leg, mwendo wa mpando. Mipando yambiri ndi dining chairs basi.

Foot ndi feet, tooth ndi teeth, man ndi men, mouse ndi mice ndi zotsalira za Chingerezi chakale cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, pamene mayina ankachulukitsidwa m'njira zingapo, s asanalande pafupifupi malo onse. Sheep ndi deer sasintha n'komwe, ndipo ana ankadandaula nazo mpaka nditawafunsa kuti mbuzi ziwiri timati chiyani. Mbuzi yathawa, mbuzi zathawa. Nyumba yagwa, nyumba zagwa. Dzina lili chimodzimodzi, mneni ndi amene akuulula, ndendende ngati the sheep is ndi the sheep are.

Limene limandisangalatsa kwambiri ndi children. Kalelo child ankachulukitsidwa ndi r, ndipo m'madera ena a kumpoto kwa England anthu anapitiriza kunena childer. Kenako ena anawonjezeranso en, yemwe timamuona mu oxen, ndiye liwulo linachulukitsidwa kawiri. Ifenso tinachita zomwezo ndi mabanzi. Banzi tinalitenga ku buns, liwu lochulukitsa kale, ife n'kuliyesa limodzi, n'kuikanso ma wathu. Pea anayenda njira yobwerera m'mbuyo: liwu lakale linali pease, anthu anamva ngati lili ndi s wochulukitsa, n'kumudula.

Amayi a ku Leeds, ulemu umene ukukuwawani lilimewo Angerezi anali nawonso. Munthu mmodzi ankamuti thou, ambiri ye kapena you, ndipo wamkulu ankamulemekeza pomutchula ngati ambiri, monga ife timachitira ndi inu m'malo mwa iwe. Ulemuwo unafalikira mpaka thou anazimiririka m'kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake mpaka lero amati you are ngakhale kwa munthu mmodzi.

Achimwene a ku Limbe, mfundo yanu si yopanda pake, ndipo akatswiri a ziyankhulo amalemba ndithu za Chingerezi cha ku Nigeria ndi cha ku India ngati mitundu yoima payokha. Koma amene amachonga mayeso a MANEB sanafike pamenepo, ndipo popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE palibe. Mwana wa bambowa amadutsa pa chikwangwanicho tsiku lililonse.

Kalipentala wa ku Mchesi anayankha:

Amayi a ku Leeds, mwandikumbutsa chinthu. Chikhomereni chikwangwanicho anthu awiri abwera kushedi, wina kudzafunsa ngati ndimakonza mapulinta, wina atanyamula mapepala kuti ndimuchitire fotokope. Ndinadabwa kuti awatuma ndani, osadziwa kuti ndawaitana ndekha ndi equipments uja. Ndiye sindingofufuta ma s awiri okha ayi, mzere wonse wa m'munsi uchoka. Palembedwa "Quality Home and Office Furniture".

Achimwene a ku Limbe, ndakumvani, ndipo n'zoona kuti mpando umadzigulitsa wokha. Koma mmene mwanayo anatsitsira mawu kuti anyamata asamve, ndinaona kuti zikumukhudza, ndipo ine sindingasiye mwendo umodzi wa tebulo uli waufupi chifukwa choti kasitomala sanaone. Wolemba zikwangwani uja tagwirizana kuti abwera Lachisanu, akuti ndingogula penti woyera wa lita imodzi, ntchito yake sandilipiritsa yonse. Pepala la mitengo ndampatsa mwanayo kuti alilembenso Loweruka, ine ndili pambali ndi dikishonale ya pafoni, tiziyang'ana C ndi U limodzi.

Aphunzitsi, katsala kamodzi. Sofa set zikakhala ziwiri, s akupita pa set, eti? Two sofa sets?